Sikelo yanga yakhala ikuba, nditani?

Mayi wa ku Mponela: Abale ndi alongo mwa Ambuye, mwaswera bwanji? Ndakhala pa gulu lino zaka ziwiri osalembapo kanthu kupatula Ameni, koma lero ndabwera ndi mtolo wanga. Ine ndimachita geni ya chimanga. Nthawi yokolola ndimapachika sikelo pamtengo, pamphambano yolowera kumidzi, ndimagula kwa alimi, kuthira mankhwala a anankafumbwe n'kusunga, kenako ndimagulitsa mvula ikayamba. Pa sikelopo pamakhala mwana wa malemu achemwali anga, mnyamata wa zaka 19 amene ndamulera ndekha, chifukwa ine ndimakhala ku kagolosale.

Loweruka ndimasesa mosungira katundu, ndiye ndinatenga sikelo ija kuti ndiipukute. Kuyang'ana, muvi sukuima pa ziro, uli kumbuyo. Ndinatenga mapaketi 5 a shuga a 1 kg, kuika m'jumbo, kupachika. Sikelo inanena 3. Nditamupana mwana uja anavomera kuti anapotokola kachitsulo ka pamwamba kuyambira mu Meyi, akuti mavenda onse pamenepo amatero. Pakakhala palibe katundu ankaitembenuzira kumtengo kuti alimi asaone muvi.

Chaka chino ndinagula matumba 120, ndiye kuti ndabera anthu 240 kg, pafupifupi matumba 5. Lamulungu nyimbo inandikanika kukhosi. Ine ndine wa Chigwirizano, ndimavala yunifolomu, ndimayenda m'makomo kuyendera odwala, ena mwa odwalawo ndi omwewo amene amandigulitsa chimanga. Ndaganiza zopereka matumba 5 amenewa ku mpingo kuti akathandizire ana amasiye. Kodi zikhala bwino?

Mlongo wa ku Joni: Eee amayi, mwalimba mtima kulemba zimenezi pagulu.

Venda mnzanu: Amayi, musadzipweteke mutu. Ine ndagula mbewu zaka 14 ndipo ndikuuzani zoona. Chimanga cha mu Meyi chimabwera chisanaume bwino, pofika Okutobala thumba lija lapepuka. Alimi ena amawaza madzi usiku kuti chilemere. Ena pamwamba amaika choyera, pansi zitsononkho ndi mchenga. Ine ndinapezapo mwala ngati mutu wa mwana pakati pa thumba la soya. Ndiye 2 kg imeneyo ingoiwerengerani kuti ndi ya thumba, zinyalala ndi chinyontho. Komanso si inu munapotokola. Konzani sikelo, mwanayo mumudzudzule, nkhani yatha. Mulungu amaona mtima.

Mlimi wa ku Mchinji: Achimwene, Mulungu amaonadi mtima, komanso amaona muvi wa sikelo. Inu mavenda mumatiyesa ife zitsiru. Ndikamagula feteleza thumba la 50 kg salipanga 52 chifukwa choti ndine mlimi wosauka. Ngati chimanga changa n'chonyowa, lumani njere pamaso panga, mundiuze kuti bambo ichi sichinaume, ndidulapo kilo imodzi kapena bwererani nacho mukayanike. Pamenepo ndivomera kapena ndikana, ndi malonda. Koma kutembenuzira sikelo kumtengo si kudula chinyontho ayi. Ndipo amene anaika mwala mu soya wanu si gogo amene anabwera ndi kabeseni ka chimanga chopeta bwinobwino.

Venda mnzanu: Inu simunawazepo madzi?

Mlimi wa ku Mchinji: Ndinawazapo pa fodya kalekale, belo linabwezedwa ku okushoni, ndinalira nalo. Koma lero tikukamba za sikelo.

Mkulu wa mpingo: Amayi, poyamba ndikuthokozeni. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo inu mwatsekula. Koma pa funso lanu yankho langa ndi ayi, musabweretse matumbawo ku mpingo. Eni ake alipo, ali moyo, ndipo mukuwadziwa kumene amakhala.

Anthu ambiri timaganiza kuti Baibulo limangokamba za kumwamba, koma nkhani ya miyeso ilimo yambiri. Levitiko 19:35-36 akulamula kuti miyeso ndi miyala yoyesera ikhale yoona. Miyambo 11:1 akuti muyeso wonyenga umamunyansa Yehova. Mneneri Amosi pa mutu 8 akudzudzula amalonda amene ankathamangira kuti Sabata lithe msanga akatsegule malonda a tirigu, akuchepetsa muyeso, akukweza mtengo, mpaka kugulitsa ndi mankhusu omwe. Taonani, anthu amenewo Sabata ankasunga. Anali anthu opemphera.

Tsono za kubweza, werengani Levitiko 6 ndime zoyambirira. Munthu amene wanyenga mnzake abweze chinthucho chathunthu, awonjezerepo gawo limodzi mwa magawo asanu, apereke kwa mwini wake, ndiyeno abwere ndi nsembe yake. Dongosolo ndi limenelo, mwini wake poyamba, guwa pambuyo. Numeri 5:8 amalola kuti zobwezazo zipite kwa wansembe pokhapokha ngati wolakwiridwayo palibe ndipo alibe m'bale woti alandire. Ambuye Yesu pa Mateyu 5:23-24 akunenanso zomwezo, siya mtulo wako patsogolo pa guwa, kayanjane kaye ndi m'bale wako. Ife a mpingo tikalandira chimanga chimenecho tidzakuwerengani pa zolengeza, anthu adzakuombererani m'manja, ndipo amene munawadula ma kilo adzakhala ali m'gulu la owomba m'manjawo.

Aphunzitsi a masamu: Pepani ndilowererepo ndi choko changa. Amayi, masamu anu sali bwino. Muvi ukabwezedwa m'mbuyo, sikelo imadya 2 kg nthawi iliyonse imene mwapachika katundu, kaya ndi thumba lodzaza kaya ndi kajumbo. Umboni ndi shuga wanu yemweyo, 5 inakhala 3. Ndiye musawerenge matumba 120, muwerenge kuti munapachika kangati. Ndipo apa ndi pamene pakundiwawa ine. Wobwera ndi ngolo ya matumba, pa 52 kg iliyonse wataya 2, n'zochepa. Koma mayi wobwera ndi 10 kg pamutu kuti apeze ya mchere ndi sopo, walipidwa za 8. Ameneyo walandidwa gawo limodzi mwa asanu a katundu wake. Sikelo yanu imaluma kwambiri osauka. Kodi muli ndi kabuku kolembamo? Nanga mutathira m'matumba anu, mosungiramo munalowa matumba angati?

Mayi wa ku Mponela: Kabuku kalipo, mwanayo amalemba dzina ndi ma kilo. Ndawerenga tsopano, mizere ilipo 298.

Funso lachiwirilo, aphunzitsi, mwandigwira pakhosi. Munalowa matumba 132. Ndinaona nthawi yomweyo mu Julayi kuti kabuku kakunena 120 koma matumba ndi 132. Sindinafunse. Ndinati ndi madalitso. Ndinakaperekera ndi umboni ku mapemphero a Lachinayi kuti Mulungu wachulukitsa chimanga changa ngati ufa wa mayi wamasiye wa ku Zarefati. Ndikulemba izi manja akunjenjemera.

Aphunzitsi a masamu: 298 kuchulukitsa ndi 2 ndi 596 kg, matumba 12 aja ndi amenewo. Mukatsata za a mkulu wa mpingo zowonjezera gawo lachisanu, mzere uliwonse ndi 2.4 kg, zonse pamodzi 715 kg, matumba 14 ndi kanthu.

Venda mnzanu: Matumba 14! Anthu inu mukufuna mayiyu atseke geni? Kulankhula n'kosavuta ukamalandira malipiro a boma pakutha pa mwezi.

Aphunzitsi a masamu: Malipiro ake ati achimwene kkkk, pofika pa 10 amakhala atapita kwa a katapila.

Mlongo wa ku Joni: Ine chimene chimandidabwitsa ndi ichi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi oposa 77 pa 100 aliwonse ndi Akhristu. Ndiye amapotokola masikelowa ndani? Amathira madzi mu mkaka ndani? Amasaina ma alawansi a msonkhano umene sanapiteko ndani? Amene anamangidwa pa Cashgate mu 2013 sanagwe kuchokera kumwezi, anali anthu a m'makwalala mwathu momwemu. Kuno ku Johannesburg ndakhala ndikutumiza ndalama kumudzi zomangira nyumba, wondiyang'anira ntchito ndi m'bale wanga weniweni, woimba kwaya, amayamba uthenga uliwonse ndi "Mtendere wa Ambuye". Ankanditumizira zithunzi za nyumba ya eni ake. Nditapita mu Disembala ndinapeza maziko okha, udzu utamera. Ndiye amayi, ine sindikuweruzani, bola inu mwaziona nokha. Koma umboni uja munapereka Lachinayi, mukaubweze kumene munaupereka.

Admin: Tikumbutsane, ndale ayi pa gulu lino. Komanso zokambidwa muno zisatuluke, mayiwa atikhulupirira.

Mlongo wa ku Joni: Sindinatchule chipani a Admin.

Katekisiti: Kwathu ku Chikatolika munthu ukakalapa tchimo la kuba, bambo mfumu amakuuza kuti ukabweze, chifukwa kulapa kopanda mtima wobweza n'kosakwanira. Ndiye pamenepo ine ndi a mkulu wa mpingo tili pamodzi, ngakhale timasiyana pa zina. Zakeyu anabweza kanayi, inu akungokupemphani gawo lachisanu, ndiye musadandaule kwambiri.

Koma ine mtima wanga uli pa mnyamatayo, chifukwa palibe amene wamutchula kupatula kunena kuti adzudzulidwe. Iyeyo ma kilo amenewa sanagulitse mobisa n'kudyera ndalama. Onse analowa mosungira mwanu. Wakuba wanji amene amaba n'kukapereka zonse kwa azakhali ake, kapena ndinene amayi ake aang'ono? Amayi, mundikhululukire funsoli, kodi mwanayo mumamulipira?

Mayi wa ku Mponela: Malipiro enieni ayi. Ndi mwana wa pakhomo, amadya pamodzi nafe, zovala ndimamugulira. Ndinamulonjeza kuti geni ikayenda bwino chaka chino ndimulipirira sukulu yoyendetsa galimoto.

Katekisiti: Ndiye mwaona. Mwana wamasiye, miyezi itatu padzuwa kunyamula matumba, tsogolo lake lonse lamangiriridwa pa mawu oti "geni ikayenda bwino". Anaiyendetsa bwino m'njira imene anaiona kwa akuluakulu omuzungulira. Ndipo mu Julayi mutaona matumba 132 munasekerera, iye anaona nkhope yanu. Sindikuti sanalakwe, walakwa ndithu, zaka 19 si khanda. Koma nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Deuteronomo 24:14-15 akuti waganyu umulipire dzuwa lisanalowe, ndipo Yakobo 5:4 akuti malipiro obisidwa a okolola m'minda amafuula. Ife Amalawi timakonda kubisala kumbuyo kwa chibale, mwana wa m'bale timamugwiritsa ntchito ya anthu awiri n'kumati tikumulera. Maepiskopi athu mu kalata ija inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, anthu amangoikumbukira pa nkhani ya matipate, koma inakambanso za malipiro osakwanira a anthu ogwira ntchito ndi phompho la pakati pa olemera ndi osauka. Zimenezo si za ma esiteti okha, zimafika ndi pakhomo pathu.

Mayi wa ku Mponela: Ndinabwera ndi mlandu umodzi, mwandipatsa iwiri.

Katekisiti: Pepani amayi. Musamuthamangitse, ndi zokhazo ndikupempha.

Namwino wa ku Mangochi: Ine ndimagula mpunga ndi usipa kwa bambo wina wachisilamu kuno. Akamayeza amadzaza mbale mpaka kusefukira, kenako amakuonetsa pansi pa mbaleyo kuti sinaphwanyidwe. Ndinamufunsa tsiku lina, anandiuza kuti mu Korani muli sura yathunthu yoyamba ndi tsoka kwa ochepetsa miyeso, amene polandira amafuna zodzaza koma popatsa anzawo amachepetsa. Ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa sabata yomweyo ndinali nditalowetsa mnzanga wa kutchalitchi kutsogolo kwa mzere wa odwala.

Koma chimene ndalembera ndi china. Amayi, musangodzuka n'kukaima pamphambano kulengeza kuti sikelo inkaba. Ife kuchipatala timalandira anthu omenyedwa ndi gulu chifukwa cha nkhuku imodzi. Mnyamatayo akhoza kuvulazidwa. Pitani kaye kwa nyakwawa wa mudzi uliwonse, mutenge mkulu wa mpingo mmodzi, mufotokoze muli pansi. Ndipo mlanduwo muusenze inu, geni ndi yanu, sikelo ndi yanu.

Mlimi wa ku Mchinji: Ndipo mubweze chimanga, osati ndalama za mtengo wa mu Meyi. Mtengo wa nthawi yokolola ndi wa mu Janyuwale zimasiyana ngati usiku ndi usana, inu mukudziwa bwino, phindu lanu limachokera pamenepo. Kwachanso yathuyi siidalirika, mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Munthu munamutengera chimanga, mum'bwezere chimanga. Anthu omwewo miyezi ikubwerayi abwera kwa inu ndi timajumbo kudzagula chimanga chawo chomwe pamtengo wokwera.

Venda mnzanu: Chabwino, inu mwapambana ndi mavesi. Koma ndikuchenjezeni amayi monga mnzanu wa pa ntchito. Mukakabweza, mwaulula mavenda onse a pamphambano imeneyo. Alimi adzayamba kufunsa masikelo a anzanu. Anzanuwo sadzakusekererani. Ndipo a Malawi Bureau of Standards akamva, sikelo yosadindidwa amalanda. Chachiwiri, mlimi amathamangira pamene alemba mtengo wokwera pa katoni. Mnzanu alemba mtengo wapamwamba chifukwa akudziwa kuti abweza pa sikelo, inu ndi sikelo yanu yoona mulemba wotsikirapo, alimi adzakudutsani. Chilungamo pa geni iyi chimadula. Ine ndili ndi ana 5 pa sukulu.

Mkulu wa mpingo: Zimenezo ndi zoona achimwene, ndipo sindikunamizani kuti mayiwa akabweza Mulungu awapatsa matumba 28. Mwina chaka chino adya mpamba. Uthenga woti ukachita chabwino ndalama zimabwera sabata yomweyo ndi umene unawachititsa kutcha matumba 12 aja madalitso. Koma pa nkhani ya mtengo wa pa katoni, mlimi si wopusa. Mukaika mapaketi a shuga pambali pa sikelo kuti aliyense ayese yekha asanagulitse, mbiri imayenda m'midzi kuposa katoni.

Venda mnzanu: Yanga imadya 1 kg yokha.

Mlongo wa ku Joni: Kkkkk "yokha".

Mayi wa ku Mponela: Ndamva zonse. Ndipempherereni, ndikambe kaye ndi bambo a kunyumba, chifukwa iwo sakudziwa kanthu.

Mayi wa ku Mponela: Abale, papita masabata awiri, ndabweranso. Bambo a kunyumba poyamba anakalipa, akuti ndikufuna kudzionetsa woyera ndi chakudya cha ana. Anakhala masiku atatu osandilankhula bwino. Tsiku lachinayi anapita okha kukabwereka ngolo.

Tayenda midzi itatu, yatsala iwiri. Ndinatenga mayi mmodzi wamkulu wa Chigwirizano, ndipo kulikonse timayambira kwa amfumu monga ananenera anamwino. Ndinanena kuti sikelo yanga inali yolakwika, ndinaona zizindikiro koma ndinatseka maso. Mwana uja sindinamutchule, koma ndi amene amayeza ndi kunyamula, pa sikelo yatsopano, shuga ali pambali. Pamudzi woyamba sanadzutse mutu tsiku lonse.

Sizinayende mokoma monse. Bambo wina anakuwa kuti ngati ndinaba chaka chino ndiye kuti ndinabanso zaka zonse, ndimubwezere za zaka zinayi. Ndinalibe choyankha, chifukwa zaka zinazo pa sikelo pankakhala munthu wina waganyu ndipo sindinayesepo. Ena amene sanandigulitsepo n'komwe anabwera ndi matumba kudzaima pamzere. Amfumu ena anafuna kaye ya mpando.

Koma gogo wina ndi amene sindikumuiwala. Dzina lake linali m'kabuku maulendo 9, ma kilo ake 7, 11, 6, choncho. Tinamuyezera 22 kg. Anakhala pansi pakhonde, anatapa chimangacho m'manja, kuchiyang'ana, n'kunena kuti, "Mwana wanga, ine ndinkadziwa. Ndowa yangayi ndakhala nayo chimwalirireni amuna anga, ndimadziwa chimene imalowa. Koma ndikanapita kuti? Ku ADMARC kunali kosatsegula, enawo masikelo awo ndi oposa anu." Kenako anandifunsa ngati ndidzabwerebe kudzawapempherera mwendo wawo. Ine ndinalowa kuseri kwa nkhokwe kukalira.

Lachinayi ndinaimirira ku mapemphero kubweza umboni uja, achemwali a ku Joni. Munali zii. Mayi mmodzi yekha ndi amene anandigwira dzanja potuluka, nayenso amachita geni ya nyemba. Mavenda anzanga awiri sakundipatsa moni. Mwana uja tagwirizana malipiro a pamwezi, ndawerengera kuyambira Meyi, sukulu yoyendetsa galimoto adikira kaye chifukwa ndalama palibe.

Funso latsala ndi ili. M'kabuku muli mizere 41 yopanda dzina lenileni, analemba "bambo wa njinga", "mayi wa mwana kumbuyo". Amenewa ndiwapeza bwanji?

Mkulu wa mpingo: Apempheni amfumu alengeze pamaliro ndi pamisonkhano ya mudzi, mudikire mpaka kumapeto kwa Janyuwale. Amene abwere, mumufunse tsiku ndi ma kilo, muone ngati zikufanana ndi kabuku. Zotsalazo ndiye za Numeri 5:8 zija, koma musabwere nazo kutsogolo kwa tchalitchi. Mukapereke mwakachetechete kwa okalamba a m'midzi yomweyo, mu Febuluwale pamene nkhokwe zagona.

Aphunzitsi a masamu: Mizere 41 ndi 98 kg, muike pambali matumba awiri.

Mlimi wa ku Mchinji: Bambo wa zaka zinayi uja musamutaye. Muuzeni kuti chaka chamawa adzayese sikelo yekha asanatsitse katundu pa njinga.

Venda mnzanu: Amayi, shuga uja munati mapaketi angati? Nanga mchere wa m'mapaketi ungagwire ntchito? Shuga wadula.